Chipanda Chimene Sitinadye

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene nkhondo inatisamutsa kumudzi kwathu, kufupi ndi Insaca, kutsidya kwa malire a Malawi. Achimwene anga a Bonifasiyo amakonda kuuza ana kuti tinathawa chimanjamanja. Amalakwitsa. Iwo anatsogola ndi mbuzi. Amene ndinaona katundu akumangidwa ndine.

Mayi anayala kapulana, chitenje chawo, pabwalo dzuwa lili paliwombo. Anaikapo mphika, mchere ndi khasu logulula mpini. Bambo anabweretsa wailesi yawo ndi bulangete lolemera la ku Cuamba. Mayi anangoziyang'ana, kenaka analowa m'khitchini n'kutsitsa ngala za mapira ofiira zimene zinkapachikidwa pamwamba pa moto, zakuda ndi mwaye, zonunkha utsi. Anazipuntha, nasakaniza njerezo ndi phulusa kuti anankafumbwe asalowe, n'kuzithira m'chipanda.

"Ku Malawi mulibe munda, Naphiri," anatero bambo. "Chofunika ndi bulangeteli."

"Bulangete silimera," anayankha mayi. "Musenze nokha. Wailesiyo itsale, iziwauza asilikali nkhani."

Chipandacho anandisenzetsa ine mpaka tinadutsa malire pa Entre Lagos.

Chaka choyambacho chakudya cha othawa nkhondo chinkachedwa kufika. Tsiku lina mng'ono wanga analira ndi njala kuyambira m'mawa, ndipo bambo analamula kuti mapirawo asinjidwe, aphikidwe phala. Mayi anakumbatira chipanda chija.

"Phalalo litha lero, mawa mwana alirenso. Wodya mbewu wavomereza kuti kwawo sadzabwerera. Ine sindinavomereze."

Ananyamuka kukalima ganyu kwa eni dera, nabwerera ndi chinangwa. Bambo sanawalankhule mpaka mvula inagwa.

Tinadzala kuseri kwa chisakasa chathu, pamalo ongokwana kuyala mphasa. Anansi ankaseka kuti munda wa Naphiri mbalame imodzi ikhoza kuukolola. Chaka ndi chaka mayi ankasankha ngala zonenepa n'kuzipachika pautsi, kuti mbewuyo isakalambe. Mtendere utabwera, anzathu anabwerera ndi malata ndi njinga, nakhala pansi kudikira mbewu yogawidwa. Ife tinadzala ndi mvula yoyamba m'munda wathu wakale.

Lero alipo abale amene amati mayi anali ouma mtima, kuti anakonda mbewu kuposa mwana. Ndikukana, ndipo ndidzakana mpaka kumanda. Ndinawaperekeza ku ganyu ija, ndipo ndinaona misozi imene ankapukuta ndi nsonga ya kapulana pakati pa mizere. Onenawo kunalibe.

Mwana wanga wotsiriza akulongedza katundu wake, akupita kukaphunzira ku Brazil. Achimwene amuuza za majuzi ndi mankhwala, ndipo sanalakwe. Njere sangadutse nazo pabwalo la ndege, zimenezo ndikuzidziwa. Koma dzulo ndinapita naye kumunda, ndinamuonetsa mapira ofiira aja, ndipo ndinamulozera ndime ya kumalire a mundawo kuti ndi yake, sindidzabwereketsa munthu. Mayi anandiphunzitsa kuti pomanga katundu wa ulendo wautali, choyamba kuganizira ndi tsiku lobwerera.