Buku losokedwa ndi ulusi wa nsapato

Wosoka nsapato wa pakhonde la sitolo ya zitsulo ndamudziwa zaka makumi awiri, ndipo sindinamumvepo akunama. Nsapato ikatheratu, amauza mwiniwake kuti akataye. N'chifukwa chake mabuku a mwana wake wamkazi ankamunyansa. Zinali nkhani za sukulu yamatsenga yogonera komweko, kumene mabedi amaulukira padenga ndi ana oliza mkonono, choko n'kumalemba chokha mayina a olongolola.

"Bodza lonseli, wina n'kumadyerapo," ankatero.

Mwanayo atapita kusukulu yogonera yeniyeni, anakapeza mabedi osauluka, nsikidzi zokhazokha. Pa tchuthi choyamba anabwera atawonda, n'kunenetsa kuti sabwererako. Bambo ake sanamukalipire. Anaona buku limene mwanayo ankalikonda litayoyoka masamba, nalitenga mwakachetechete kupita nalo pakhonde paja. Analisoka ndi ulusi wopaka phula, molimba ngati jombo. Koma manambala a masamba sanawayang'ane. Anasanja monga amasanjira zikopa, oyera pamwamba, othimbirira pansi.

Mtsikanayo atawerenga pang'ono, anaseka mpaka misozi.

"Adadi, mwatani apa? Mlonda wa sukulu anasanduka mwala pakati pa nkhani. Pano ndi uyu akutseka geti bwinobwino."

"Ndiye ndamuthandiza. Bweretsa ndimasule."

"Ayi. Muliwerenge kaye lonse, mupeze nokha pamene mwasokoneza."

"Ine, wolekeza sitandade 3, ndiziwerenga mabodza?"

"Inu mukawerenga, ine ndibwerera kusukulu."

Bamboyo analandira bukulo. "Chabwino. Koma pasapezeke wothawa."

Mwanayo anabwereradi, ndipo chaka chino akulemba mayeso omaliza. Bambo ake, makasitomala akachepa masana, amapukuta guluu m'manja n'kutsegula bukulo, chala pamzere, milomo ikugwedera. Tsiku lina ndinamufunsa ngati maganizo ake asintha.

"Ndi bodza ndithu, achimwene," anatero osadzutsa mutu. "Koma m'bukumu muli mphunzitsi woweta mphepo amene akuzunza ana. Ndikufuna ndione mmene athere."

Ulusi uja sanaumasulebe. Akuti bukulo alimaliza mwanayo asanabwere ndi sutikesi yake komaliza. Masamba atsala ambiri ndipo maso ake ayamba kufooka, koma munthuyu ndimamudziwa. Alimaliza.