Mpango wa Mable pa Chibwano cha Agogo Ellen

M'nyumba ina yosungiramo okalamba ku Woolwich, kuno kutsidya la nyanja, muli mayi wamfupi wa ku Ntcheu, dzina lake Mable. Mukamva phwete la kuseka m'khonde momwe anzake amayenda monyang'ama, ndi yemweyo. Kwawo anali mphunzitsi wa pulayimale, koma kuno amasambitsa ndi kudyetsa nkhalamba za eni, ndipo ntchitoyo amaikonda. Aliyense wa imvi amamutchula agogo, kaya ndi mzungu kaya ndi wa ku Jamaica. Popereka tiyi amapinda bondo, ndipo bwana wake Brenda anachita kutopa nako kumuletsa.

M'mawa wina agogo Ellen anamwa tiyi, anadandaula kuti shuga wachepa, kenako anatsamira pilo n'kutsirizika, Mable atawagwira dzanja. Lamulo la pamalopo ndi lodziwika: munthu akamwalira mwadzidzidzi, usakhudze kanthu mpaka dokotala afike. Mable anadina belu n'kuima pambali. Koma agogo anali kukamwa yasa! Ndiye Mable ndi mwana wa mayi amene ankasambitsa maliro ku mpingo kwawo, ndipo anakula akudziwa kuti kusiya munthu wamkulu ali choncho n'kumuyalutsa pagulu. Mtima unamukanika. Anawatseka m'maso, anavula mpango wake wamaluwa ofiira n'kuwamanga chibwano bwinobwino, mfundo pamwamba pa mutu.

Tsoka sasimba, mwana wa malemuyo, Maurice, anafika dokotala asanabwere. Atangoona nsalu ija anakuwa kuti, "Mwawatani mayi anga?" Ifenso tisamunene. Nyuzipepala za kuno sizisowa nkhani za okalamba ozunzidwa m'nyumba zoterezi, ndipo iye anaganiza kuti anawamanga ali moyo kuti asakuwe. Dzuwa lisanalowe anali atapeza kale loya.

Brenda anamuimitsa kaye ntchito Mable. Apa panalibe zoseka, chifukwa ntchitoyo ikatha, chilolezo chokhalira m'dziko muno chimatha nayo, pomwe ana ake awiri anali atangozolowera sukulu.

"Koma iwe, ku training sanakuuze kuti don't touch?" anamufunsa mwamuna wake Weston.

"Anandiuza. Nanga akanakhala amayi anu, mukanawasiya ali choncho?"

Weston anangokanda m'mutu n'kunyamuka kukakwera basi.

Masiku odikira aja Mable anaonda, kunena zoona. Chifukwa chosowa chochita ankangokazinga mandasi, moti anthu a kutchalitchi kwawo ku Tottenham ndiwo ananenepa ndi mavuto akewo.

Madokotala atapima thupi anapeza kuti mtima unangoima wokha, panalibe bala ngakhale limodzi. Maurice anasiya mlandu. Atabwera kudzatenga katundu wa mayi ake anapempha kuonana ndi Mable, ndipo anamufunsa chinthu chimodzi chokha.

"Anali okha?"

"Ayi bambo, ndinali nditawagwira dzanja. Mawu awo omaliza anali ondikalipira za shuga."

Maurice anaseka mpaka misozi mbwembwembwe. "Amenewo ndiye mayi anga," anatero.

Brenda anamubwezera pa ntchito, koma anamulumbiritsa kuti asadzakhudzenso womwalira dokotala asanafike, apo ayi basi. Mable analumbira ndi mtima wonse.

Tsiku lomwelo agogo Etta a ku Jamaica, omwe samva bwino koma nkhani za m'nyumbamo siziwaphonya, anamukodola ndi ndodo yawo.

"Iwe mwana, ndamva zonse. Tsiku langa likadzafika, usadzandisiye nditayasama pamaso pa azibambo a muno. Ndipo ine ndikufuna mpango wa buluu."

Mable anasuzumira ku ofesi ya Brenda, kenako anagwada n'kuwanong'oneza m'khutu lomwe limamvako pang'ono.

"Ndamva, agogo. Koma musafulumire, mudikire kaye mapepala anga okhazikika atuluke."