Chingerezi cha Achemwali Anga

Achemwali anga, oyamba kubadwa m'banja mwathu, sukulu analekezera Sitandade 6. Mayi atayamba kudwaladwala, panafunika wina wotsala pakhomo kuti azisamala dimba lathu la ku Biriwiri, ndipo udindowo unagwera iwo. Ine ndinapitirira mpaka ku koleji, kenako ndinapeza ntchito ya mu ofesi pa boma la Ntcheu.

Chaka china alimi anzawo a kalabu ya mthirira anawasankha kukhala wapampando. Posakhalitsa kunamveka kuti kukubwera alendo ochokera kunja kudzaona kabichi ndi kachewere wa kalabuyo. Achemwali anatsimikiza mtima kuti alendowo adzawalandira ndi pakamwa pawo, m'Chingerezi, popanda womasulira. Woti awaphunzitse anasankha ine.

Kulemba kumawachedwetsa, choncho ankajambula mawu pa foni n'kunditumizira, kawirikawiri m'mamawa asanapite kudimba, nkhuku zikumveka kumbuyo.

"Achimwene, bwanji mwamuna akuti he, mkazi akuti she? Ife timangoti iye, koma sitisokonezeka ayi."

Tsiku lina anati, "Uyu go mwati likakhala dzulo amasanduka went. Wachokera kuti went ameneyu? Sakufanana ndi mnzakeyo ngakhale mphuno."

Poyamba ndinkayankha mofatsa. Kenako ndinayamba kutopa nawo mafunsowo, n'kumayankha mwachidule, mwina patadutsa masiku awiri.

M'mawa wina wa mu Juni ananditumizira mawu ena. "Tamverani ngati ndakhoza. Welcome, our visitors. Today we are hearing cold. Ndikufuna ndidzawapepese za mphepo ya kwathu kuno."

Ndinaseka mpaka misozi. Chonsecho kulakwitsa kwawo kunali komveka, pakuti ife timamva mawu, timamva kuzizira, timamvanso njala, liwu lake limodzi lomwelo. Ndikanangowauza kuti pa kuzizira Azungu amati feel, nkhani ikanathera pomwepo. Koma ine ndinatenga mawu awo aja n'kuwaponya pa gulu la pa foni la anzanga a ku sekondale. Pansi pake ndinalembapo kuti, "Wapampando wathu akumva kuzizira ndi makutu."

Ndinaiwala kuti pa gulupo panali mnzanga wina amene mkazi wake ndi wa m'mudzi mwathu. Pofika tsiku la msika, mawuwo anali atazungulira pa Lizulu, pamene achemwali amagulitsa ndiwo zawo. Akuti akutsitsa dengu pamutu, amayi ena anakuwa kuti, "Afika a hearing cold!" Mzere wonse wa ogulitsa unafa nacho chiseko.

Masana omwewo anandiimbira.

"Achimwene, mawu aja ndinatumizira inu nokha. Afika bwanji pa Lizulu?"

Ndinanama. Ndinati mwina foni inatobwanyika yokha m'thumba.

Iwo anati, "Chabwino. Koma mukanayamba mwandiuza liwu loyeneralo, kuseka kubwere pambuyo."

Alendo aja anabweradi. Alamu anga, amuna awo a achemwali, anandiuza kuti achemwaliwo analankhula m'Chichewa, mlangizi wa zaulimi akumasulira, ndipo kope limene ankalembamo mawu a Chingerezi analisiya kunyumba.

Panapita mwezi ndisanalimbe mtima kukwera minibasi ya kumudzi. Ndinawapeza pakhonde akusankha kachewere, wamkulu payekha, wambewu payekha. Ndinakhala pansi pafupi nawo n'kuulula kuti ndinachita dala.

"Ndinadziwa kale," anatero osadzutsa mutu. "Foni ingatumize mawu yokha, koma singalembe yokha chipongwe."

Ndinapepesa. Ndinalonjeza kuti ndizibwera Loweruka lililonse, tizikhala pansi n'kumaphunzira bwinobwino, popanda foni.

"Zisiyeni, achimwene. Lilime langa lakalamba."

Sanandikalipire, ndipo ndikanakonda akanandikalipira. Anandifunsa za ana, za ntchito, za chifuwa cha mkazi wanga. Dzuwa litapendeka anandithirira kachewere m'thumba, wamkuluyo, n'kusenza okha mpaka pamsewu. Ndinayesa kuwalandira koma anakana, akuti ndingadetse malaya a ku ofesi.

Minibasi itaima, anauza kondakitala kuti thumbalo asaliike pafupi ndi zigubu za mafuta. Ndinakhala pawindo. Galimoto isananyamuke n'komwe, iwo anali atatembenuka kale, akutsetsereka njira ya kudimba.