Mkazi Mnzanga wa Miyendo Itatu

Akazi ena amalimbirana amuna awo ndi mowa, ena ndi atsikana a kumsika. Ine ndinkalimbirana ndi kanthu kochepa ngati njere ya nandolo, ka miyendo itatu, ndipo kankandigonjetsa.

Amuna anga amakonza mafoni ndi mawailesi. Anachokera ku Mkhumba kudzamanga pa malo a amayi anga kuno kumunsi kwa phiri la Michesi, ndipo za ulesi kapena nkhanza sindingawanamizire. Matenda awo anayamba atatulukira kuti m'kati mwa dividi yakufa, makamaka ya m'kompyuta, mumakhala kachitsulo kotchedwa dayodi. Kakaikidwa bwino m'chigoba cha tochi kamatulutsa kuwala kotchedwa leza, kadontho kofiira kofika kutali kumene tochi wamba singafike. Matochi amenewa sagulitsa. Amangopanga, n'kumalozetsa pa mtengo wa mango, n'kumamwetulira okha.

Kadayodi sikachedwa kufa. Kakatenthedwa kwambiri powotcherera, kafa. Ukakalumikiza ku batire popanda choletsa mphamvu, kafa. Ngakhale timagetsi ta m'thupi, tija timathetheka munthu akamavula juzi m'nyengo yozizira, timakapha mwakachetechete. Ndiye pakhomo panga panabwera malamulo. Asanakagwire ankasamba m'manja ndi sopo, kuvula nsapato, kuponda pansi, kenako kukhudza kachitsulo kamene anakhomera m'dothi pafupi ndi tebulo, ati magetsi a m'thupi atsikire pansi. Ine ndikavala nsalu ya nayiloni ndinkathera pakhomo. Ndikangopesa kumene tsitsi, chimodzimodzi. Kusesa kunaletsedwa, ati fumbi litera pa kagalasi kake, m'nyumba imene ndinazira ndekha ndi manja angawa.

Malamulowo ndikanawapirira. Chimene chinkandidya mtima ndi manja awo. Munthu amene akamandikweza pa njinga amangoti "gwiritsani" n'kuyamba kupalasa, yemweyo ankanyamula kachitsulo aka ndi kopanira, atagwira mpweya, chala china chili pansi pake kuti kakapulumuka kasagwe. Akamawotcherera ankangokhudzitsa n'kuchotsa, n'kuuzira pang'onopang'ono kuti kazizire. Akamaliza ankakulunga timiyendo take ndi kawaya, n'kukagoneka pa thonje m'kabokosi ka machesi. Ndinkaima pakhomo ndi lichero m'manja n'kumadzifunsa kuti manja ofewa chonchi amawasunga kuti masiku onsewa. Ndinali ndi nsanje, ndipo sindikuchita manyazi kunena.

Panali kena kamene ankakakonda kuposa tonse, kochokera m'kompyuta imene inafera kusukulu. Tsiku lina pokazula m'chitsulo chake, mwendo umodzi unathyokera m'tsinde. Panangotsala kachitsa kosaoneka bwino ndi maso. Masana amenewo, makaka a chinangwa amene ndinaphika amuna anga anangowalawa. Mawa lake anayamba kupala pambali pa kachitsako ndi nsonga ya singano kuti apeze pogwiritsa waya.

Sabata yomweyo ndinaterereka potsika kuphiri ndi mtolo wa nkhuni, n'kugwera dzanja. Ndinafika kunyumba mkono utatupa. Ndinaima pakhomo paja, poti ndinali m'nayiloni, n'kuwaonetsa. Anadzutsa mutu, galasi lokuzira zinthu lili m'manja.

"Zala zikuyenda, mayi?"

Ndinaziyendetsa.

"Ndiye simunathyoke fupa. Muthowe ndi madzi ofunda."

Anaweramiranso pa kachitsa kaja. Ndinakathowa ndekha kuseri kwa nyumba ndi dzanja limodzi, misozi ili mbwee, osati chifukwa cha mkonowo.

Kwathu kuno nyumba ndi ya mkazi, ndipo mkamwini akatopetsa, katundu wake sachedwa kupezeka panja. Ndinaganizirapo zimenezo, koma ndinati ndiyambe ndi amalume anga, amene ali ankhoswe a ukwati wathu. Ndinawapeza akukonza nkhokwe, n'kuwauza kuti banja langa lalowa wachitatu.

"Wachitatu ndi kapasule," anatero amalume. "Ndi mwana wa yani?"

Pamenepo mpamene ndinaona kuvuta kwa mlandu wanga. Ndinafotokoza za dividi, za miyendo itatu, za thonje. Amalume anandiyang'ana nthawi yaitali, ngati kuti dzuwa landipweteka mutu. Komabe anati abwera.

Anabwera Loweruka m'mawa atavala jekete lawo la milandu ndi nsapato zopolisha. Amuna anga anawalandira mwaulemu, koma amalume atati akufuna kumuona okha wolakwayo, amuna angawo anayamba kupotokola zala.

"Pepani amalume, ngati n'kotheka, jeketelo ndi nsapato zitsale pano."

Ndinati lero ndiye alakwira pamaso pa mboni. Mkamwini kuvula nkhoswe nsapato! Ndinadikira kuti amalume akalipe. Iwo anangofunsa chifukwa, ndipo atamva za magetsi a m'thupi anavula, n'kupachika jekete pa chitseko, n'kukakhudza kachitsulo ka m'dothi kaja ndi manja onse awiri. Ine ndinakhala pansi pakhomo, mkono uli pa chifuwa.

Mwendo uja unali utagwira dzulo lake. Amuna anga anali atalumikiza kawaya koonda ngati tsitsi pa kachitsako, n'kudontheza guluu kuti kasagwedere. Anavalitsa amalume magalasi akuda, anachenjeza kuti kuwalako kusalunjike m'diso la munthu, n'kuyatsa. Kadontho kanatera pa khoma, kofiira psuu.

"Aa, akamwini, kameneka kanali kolumala?"

"Kanali katatha, amalume."

Amalume anapempha kuti akagwire kena kosalumikiza. Amuna anga anawapatsa kopanira, n'kuika dzanja lawo pansi pa dzanja la amalume, n'kumati, "Pang'onopang'ono, musafinye." Nkhalamba imene ndinaitana kuti indiweruzire mlandu inali itatulutsa lilime ngati yanyamula dzira lomaliza. Tsopano ndinali ndi nsanje ndi awiri, kadayodi ndi amalume anga omwe.

Ndinakhosomola. Amalume anatembenuka ngati munthu wokumbukira kuti anasiya mphika pamoto. Anabweza kopanira, anakonza kukhosi, n'kunena kuti mwana wa mlongo wawo ali ndi mawu.

Mawu ambiri amene ndinakonza anandithawa. Ndinangokweza mkono wotupa uja.

"Bambo, ine sindikuti mutaye zitsulo zanu. Koma kanthu ako katathyoka mwendo simunadye. Ine nditagwa munandifunsa muli pampando. Ndikufuna tsiku limodzi lokha mundigwire mmene mumagwirira kameneko."

Amalume anayang'ana zala za kumapazi kwawo. Amuna anga anandiyang'ana modabwa kwenikweni, ndipo ndinaona kuti sakupanga dala. Anaganiza kaye, monga amachitira asanawotcherere, kenako anayankha mofatsa, nkhope ili yowala.

"Koma mayi, inu ndinu olimba. Inu simuthyoka."

Amalume anagwedeza mutu kuvomereza, ati mwamva, amuna anu amakudalirani, mlandu palibe. Anavala nsapato, anatenga jekete, n'kufunsa ngati kadontho kaja kangathamangitse anyani m'munda.

Katundu wawo sindinawatulutsire panja. Mkono unapola wokha, ndipo tikukhalabe limodzi. Mpaka lero amuna anga amakhulupirira kuti tsiku limenelo anandiyamikira pamaso pa ankhoswe.