Mwala wa a Blasius pansi pa windo

A Blasius anali mlimi wa thonje kufupi ndi Balaka, munthu wosayankhulayankhula. Akazi awo anamwalira n'kuwasiyira mwana mmodzi, Scholastica, amene ndinkaphunzira naye pasukulu ya mishoni cha m'ma 1954. Mtsikanayu anapezeka ndi matenda a shuga, matenda oti kwathu tinali tisanawamvepo.

M'mawa uliwonse bambowa ankawiritsa jakisoni m'kachitini n'kumubaya okha pantchafu, monga anawaphunzitsira dokotala wa kumishoni. Dokotalayo anawachenjeza kuti mankhwalawo akamukulira mphamvu, mwana adzayamba thukuta ndi kunjenjemera, ndipo akapanda kudya chotsekemera msanga atha kufa. Ndiye bambo ake ankamumangira kachidutswa ka nzimbe pansalu.

Aphunzitsi athu, a Amosi, anamulanda nzimbeyo tsiku loyamba lomwelo. Sanali munthu wankhanza ayi, koma makani, mayo ine!

A Blasius anabwera, chipewa m'manja, n'kunjuta pakhomo. "Aphunzitsi, musamulande. Ndi moyo wake umenewo."

"Wodwala shuga mukumupatsanso nzimbe?" anatero a Amosi. "Mukufuna afere m'manja mwanga? Iyayi!"

A Blasius anabwera katatu, yankho lomwelo. Anayenda khomo ndi khomo kupempha makolo anzawo kuti akawathandize kuyankhula, koma sanapeze ndi mmodzi yemwe. Ati mwanayo anachita kulodzedwa. Mayi anga enieni anandiletsa kumwera naye chikho chimodzi, ine n'kumvera. Mpaka lero ndimachita nazo manyazi.

Basi a Blasius anagubuduza mwala n'kuuika pansi pa windo la kalasi yathu. Belu likalira ankakhala pamenepo, nzimbe ndi mpeni pamiyendo, maso pa mwana wawo mpaka tiweruke. Dzuwa la ku Balaka mukulidziwa inu. Zaka ziwiri zathunthu! Thonje lawo linalowa udzu, anthu ankawadutsa osapereka moni, ife ana opanda nzeru tinkawatcha alonda a windo. Kawiri konse anaona thukuta pamphumi pa Scholastica, analowa osaodira, n'kumunyamulira panja kukamutafunitsa nzimbe mpaka maso ake atabwerera. A Amosi ankangoima ndi choko m'manja, kuyang'ana.

Tsiku lina malungo anawagwetsa a Blasius. Anamubaya mwana jakisoni wake, koma kuti amuperekeze analephera. Dzuwa litakwera mtima unawakanika, anadzikoka ndi ndodo mpaka kusukulu.

Anapeza Scholastica atakhala pamwala wawo uja, thukuta lili kamukamu, akutafuna. Pambali pake ananjuta a Amosi, akusenda nzimbe ndi kampeni kosongolera mapensulo. Inali nzimbe yawoyawo, imene anayamba kalekale kusunga m'kabati ya mabuku osauza munthu.

"Pitani mukagone, bambo," anatero a Amosi osadzutsa mutu. "Ndaona mmene mumachitira. Musamavutikenso kubwera."

A Blasius anawomba m'manja kuthokoza, misozi ili mbwembwembwe.

Atachira anamvera, sanapitenso. Koma mayi anga ankati ukadutsa pakhomo pawo m'mawa unkawapeza ali okhaokha pakhonde, khasu lili poteropo, nzimbe ndi mpeni pamiyendo, khutu lili kusukulu. Ankadzuka pokhapokha akamva belu loweruka.