Mwala Wopanda Mwini

Kuseri kwa chitseko changa kuli mwala wakuda, waukulu ngati papaya wamng'ono, koma ukaunyamula umakoka mkono. Uli ndi timaenje ngati munthu anadinda zala pa dongo losauma. Adzukulu anga amangoti ndi wotchingira chitseko. Amene anayamba kundiuza kumene mwalawu unachokera ndi mwana wanga wachiwiri, uja wa uphunzitsi, ndipo anandiuza ndili kale ndi imvi. Ndimathokoza Mulungu kuti ndinamva ndisanafe. Amayi anapita osamva.

Unagwa m'chilimwe, ine ndili ndi zaka ngati zisanu ndi zitatu. Tinkakhala pa esiteti ya tiyi cha ku Khwethemule, pamalo a mzungu, monga ankakhalira Alomwe ambiri othawa Apwitikizi. Abambo anapita ku Halale osabwerako, ndiye mwini mbumba anali amalume, mlongo wawo wa amayi. Amalumewo anasenzako katundu pa nkhondo ya Jeremani, ndipo anabwerako osakonda phokoso. Anamanga kanyumba paokha kuseri kwa mabulugamu, mbali yoyang'ana phiri la Mulanje. Akamalima ankayankhula okha. Koma ndi ine ankaseka, ankanditcha "mayi wanga wamng'ono," ndipo masiku amenewo ankandilukira kadengu kothyolera tiyi, poti ndinkalirira kufanana ndi akuluakulu.

Mwezi umodzi m'mbuyo mwake, akapitawo, amene ankayang'anira antchito, anawakwapula amalume ndi chikoti pamaso pa anthu, ati adulira tiyi motsika kwambiri. Amalume anatola mpeni wawo, anapukuta magazi pakhosi, nangoti, "Mudzaona." Aliyense wopwetekedwa amatero, ngakhale ine ndanenapo. Koma anthu anawasunga mawuwo.

Tsikulo ife ana tinkathirira mbande za tiyi ku nazale, kutunga kumtsinje ndi zitini. Anzanga anali atatsikira kumadzi, ine ndinatsala pamtunda ndikuzula munga kuphazi. Dzuwa linali litapendeka, kumwamba kopanda ndi kamtambo komwe. Ndinaona mzere woyera ukung'amba thambo. Kenaka kunagunda kawiri, nthaka inanjenjemera, agalu onse a m'malaini, mokhala antchito, anayamba kuuwa, ndipo china chinadutsa pamutu panga chikulira ngati njuchi zosamuka. Mwala unaboola denga la khitchini ya akapitawo, unaswa mtsuko, nulowa pansi mpaka m'chigongono.

Sunaphe munthu. Koma patapita masiku anayi, khanda la akapitawo, limene linkatsegula m'mimba kale, linamwalira.

Maliro atatha, akuluakulu a m'malaini anasonkhanitsa anthu nafunsa ngati alipo anauona mwalawo uli m'mwamba. Palibe anandiitana. Ndinaimirira ndekha. Amayi anandikoka nsalu, ine ndinapulumuka, poti ndinkafuna andione kuti ndakula.

"Usaope, mwana iwe," anatero mkulu wina. "Unachokera kuti?"

"Kumwamba."

Ena anaseka. "Kumwambako tonse tikudziwa. Mbali iti?"

Ndinaima monga ndinaimira tsiku lija, ndinaloza. Sindiname, mpaka lero ndikhoza kukulozerani. Chala changa chinapita pamwamba pa mabulugamu, mitu yonse inatembenuka kutsata chalacho, ndipo maso anakaima pa denga la amalume.

"Mwana sanama," anatero akapitawo.

Mayi wina anandipatsa nzimbe, ine ndinadya. Chiyambire pamene ndinazindikira, sindinaikenso nzimbe m'kamwa. Ana anga amayesa ndi mano.

Mwavi unali woletsedwa ndi boma, koma kutsidya kwa mtsinje wa Ruo kunali munthu wosinja makungwa ake, amene ankabwera mobisa akaitanidwa. Chikhulupiriro chinali chakuti wosalakwa akamwa amasanza, mfiti imafa. Akuluakulu anagamula kuti amalume amwe. Aphunzitsi a sukulu ya mishoni, amene ankatilembetsa a, e, i pamchenga, atamva anathamangira kwa amalume. Ine ndi amayi tinali pomwepo pakhonde.

"Achimwene, musamwe," anatero aphunzitsi. "Ndinamvapo kwa abusa kuti miyala imagwa yokha kuchokera kumwamba, ngakhale kwawo ku Ulaya."

"Yokha? N'kukasankha denga la munthu amene anandimenya?" Amalume anaseka. "Aphunzitsi, nkhani imeneyo ngakhale ine mwiniwakene sindingaikhulupirire."

"Thawani tsono. Munayenda nkhondo inu, Halale ndi pati?"

"Ndithawe, mlongo wanga ndi mwanayu atsale ndi dzina la ufiti? Awatenthera nyumba. M'mimba mwanga ndi moyera. Ndikasanza pamaso pawo, nkhani ithe."

Amayi anagwada, anawagwira miyendo, akulira m'Chilomwe. Amalume anati, "Dzuka iwe, mwana akuona."

Chimene chimandipweteka koposa n'chakuti sanawakoke ndi chingwe. Anapita okha m'mawa, atasamba, atavala malaya awo a kunkhondo, akuimba mluzu. Podutsa pakhomo pathu anandipatsa kadengu kaja, kasanaikidwe mkombero. "Sunga, mayi wanga. Ndidzamaliza madzulo."

Sanasanze.

Ine anangondiuza kuti amalume achedwa kumlandu. Zinazi ndinazimva nditakula. Wofa ndi mwavi sankaikidwa kumanda, ankangomutaya kuthengo. Amayi ndi aphunzitsi, awiriwiri ndi khasu limodzi, ndiwo anakawakwirira m'dzenje losaya, osaimba nyimbo kuopa kumveka. Mzungu anauzidwa kuti munthu wake wathawira ku Halale, iye anangoika wina pamzere wawo. Akapitawo anabwera ndi mwala uja atausenzetsa pa khasu, poopa kuukhudza, nautaya pakhomo pathu. "Katundu wanu uyu." Izi ndiye ndinaziona ndi maso. Amayi anautola ndi manja, anaulowetsa m'nyumba, nati, "Uwu wokha ndiwo ukudziwa zoona. Ukhale."

Dzinja lonse palibe anadzapala moto kwathu. Kuchitsime akazi ankadikira kuti amayi achoke. Tsono taonani mtima wa mayi anga: sanandinenepo ngakhale tsiku limodzi. Ankandiphunzitsa pemphero la Ambuye, akafika pa mawu a kukhululuka ankaima pang'ono n'kupitiriza.

Zaka zinapita, ndinakwatiwa, Mulungu anandipatsa ana asanu, amayi anagona, mwala unanditsata. Tsiku lina mwana wanga wa uphunzitsi uja, ali pa holide, anapunthwa pamwalawo. Anaunyamula, anauyang'ana nthawi yaitali, natulutsa maginito, kachitsulo kokoka zitsulo zinzake kamene ankaphunzitsira ana. Kanamatirira.

"Amayi, mwala uwu munautenga kuti?"

Ndinamuuza zonse, koyamba kuuza munthu. Kenaka anatola kamtengo najambula pabwalo: dzuwa pakati, dziko lathu, lina lofiira lotchedwa Mazi, ndi lina lalikulu koposa onse, Jupita, limene akuti lili ndi miyezi yakeyake. Pakati pa Mazi ndi Jupita anabayabaya timadontho tambirimbiri. Anati imeneyo ndi miyala yozungulira dzuwa chilengedwere dziko, ina ngati mapiri, ina ngati nkhonya. Imagundana, zidutswa n'kusochera, china n'kudzagwa kuno.

"Amaitumiza ndani?" ndinafunsa.

"Palibe, amayi. Ilibe mwini."

"Nanga denga la akapitawo?"

"Denga linangopezeka panjira."

Ine sukulu ndinalekera Sitandade 3, za Jupita sindingazitsutse kapena kuzilongosola. Mwini ndikudziwa alipo, amene anaziyala zonsezo, ndipo ndikafika ndidzamufunsa mwaulemu chifukwa chake denga limenelo. Koma pomwepo ndinagwada pafupi ndi zojambula za mwana wanga ndi kuyamika, poti amalume anayera pakamwa pa mdzukulu wawo, ngakhale mochedwa.

Mwana wa zaka zisanu ndi zitatu uja sankadziwa kanthu. Madzulo alionse ankakhala pakhomo ndi kadengu kopanda mkombero, maso ku mabulugamu, kudabwa kuti amalume akuchedweranji pamene iye anayankha bwino pamaso pa akulu. Sankadziwa kuti chala chake chinaloza kutali, kupitirira denga lija, kupitirira Mulanje, kumene kulibe nyumba ya munthu. Akuluakulu ndiwo anaima pafupi.

Inu amene mwawerenga, mukamagwada mutikumbukire ife mbumba ya amalume. Manda awo ali pansi pa tiyi tsopano, ndipo mzere wake sitiudziwa. Mukumbukirenso a kwa akapitawo. Nawonso anaika mwana.