Masiku Amene Anati Mdzukulu Wanga Anajomba

Ndinagwira ukalaliki ku maofesi a boma zaka zambiri, ndipo chimene ndinaphunzirako n'chakuti munthu akakupatsa pepala usalitaye. Nditapuma pantchito sindinabwerere kwathu ku Dedza. Ndinamanga konkuno ku Nkhata Bay, pamtunda pomwe doko limaonekera. Kuchipinda kwanga kuli sutikesi yachitsulo, ndipo muli makadi a kuchipatala, ziphaso za ubatizo, ndi kapepala kalikonse kamene sukulu ya mpingo wathu inanditumizira chiyambire mdzukulu wanga Sitandade 1. Mwanayu ndimalera ndine. Mayi ake, mwana wanga wamkazi, anakwatiwanso ku Likoma n'kumusiya m'manja mwanga.

Chaka chimene anafika Sitandade 8, tsiku lina anabwera ndi kalata yochokera kwa ahedi. Inati mwanayu wajomba masiku khumi ndi asanu ndi anayi, choncho salembetsedwa mayeso a boma, abwereze kalasi kuti akhwime. Kalatayo inayamba ndi moni wa m'dzina la Ambuye n'kutsiriza ndi vesi. Ine kalata ikachuluka mavesi ndimayang'anitsitsa pakati pake.

Sindinakhulupirire. Mwanayu ndinkamuona m'mawa uliwonse akutsika ndi yunifolomu yake. Komanso ndinali nditamva kale kumsika, kwa amayi ogulitsa usipa, kuti sukuluyo ikafuna kuti abusa adzalengeze paguwa kuti ana onse akhoza, imayamba yasefa ofooka. Masamu amamuvuta mdzukulu wanga, izo sindibisa. Koma kalata sinanene za masamu. Inanena za kujomba.

Ndinapita kuofesi kwa ahedi ndi pensulo ndi kope.

"Ada, kaundula wa m'kalasi ndi wa sukulu, satuluka muno," iwo anatero, kundiitana monga amaitanira bambo wamkulu kuno kunyanja.

"Sindikufuna kumutulutsa, aphunzitsi. Ndikopera pompano, inu mukuona."

Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenaka anatuma kuti kaundulayo abwere. Ndinakopera masiku onse limodzilimodzi, ndipo ndinawawerengera mokweza kuti pasadzakhale wonena kuti ndinawonjezera kapena kuchotsa.

Nditafika kunyumba ndinayala mphasa pakhonde n'kundandalika makalata a sukulu a teremu yonse, ndikumawapsinja ndi miyala kuopa mphepo. Posakhalitsa zinayamba kulumikizana. Tsiku loyamba limene anati anajomba, ndinali ndi kapepala kopempha kuti ana a kwaya afike kutchalitchi m'mawa kukaphunzira nyimbo. Masiku atatu otsatizana, kapepala kakuti abwere ndi tsache akasese pokonzekera alendo a mpingo. Lina, kukaimba pamaliro a mkulu wa mpingo. Mapepala onsewo anasainidwa ndi achiwiri kwa ahedi, amenenso ndi ophunzitsa kwaya. Ana ankatengedwa maina asanaitanidwe, ndipo mphunzitsi wa kalasi ankangolemba kuti wajomba aliyense amene sanamuone padesiki. Masiku khumi ndi asanu anali otere. Sukulu inamutuma yokha mwana, ndipo sukulu yomweyo inamulemba kuti wathawa.

Chimene chinandipsetsa mtima kwambiri n'chakuti m'kwaya yomweyo munali ana ena anzeru pa masamu, ndipo makolo awo sanalandire kalata ngati yangayi. Ndinawafunsa ndekha pambuyo pa mapemphero.

Ndinabwerera kusukulu ndi mapepalawo nditawamanga ndi ulusi. Ndinapeza ahedi ali ndi wapampando wa komiti ya sukulu, mkulu wa mpingo amene timakhala naye benchi imodzi Lamulungu.

"Madala, kodi inu mumasunga ndi mapepala okulungira zitumbuwa omwe?" wapampandoyo anaseka.

"Akakhala ndi siginecha ya aphunzitsi anu, inde, ndimasunga."

Ndinayala kapepala kalikonse pafupi ndi tsiku lake. Ahedi anavula magalasi, anawapukuta, anawavalanso. Anati kunali kusamvana chabe pakati pa aphunzitsi awiri. Ndinati kusamvana kumeneku kuli ndi maso, chifukwa kumadziwa mwana amene amalephera masamu.

Kenaka ahediwo anati, "Tisafike kumeneko, ada, tonse ndife a mpingo umodzi. Koma nanga masiku anayi otsalawa?"

Apo ndinalibe pepala. Ndinali nditafufuza sutikesi yonse.

"Anayi ndi ochepa," iwo anapitiriza. "Timulembetsa mwa chisomo."

"Chisomo tisiyire kutchalitchi. Pano lembani kuti alemba mayeso, musaine, mudinde."

Analemba. Chidindo chinali chouma, ndipo ndinadikira mpaka anapeza inki.

Ndinapambana, koma masiku anayi aja anandivuta m'mutu njira yonse. Ndinayamba kuganiza zoipa, monga mmene munthu wolera mtsikana amaganizira. Ndinaganiza za anyamata a pamabwato, za amuna a pasiteji ya minibasi za ku Mzuzu. Nditafika ndinawayerekeza ndi kalendala ya pakhoma, ndipo ndinaona kuti onse anayi anali masiku amene sitima imakocheza pochokera kuzilumba.

Mdzukulu wanga atabwera masana ndinamuitana pakhonde.

"Iwe, masiku anayi awa unali kuti?"

"Kusukulu, agogo."

"Ine ndakalambira m'maofesi. Yambanso."

Anakanda mphasa ndi chala. Kenaka anati, "Kudoko."

"Ndi yani?"

"Ndekha. Ndimaima pamene amatsikira anthu. Akatha onse ndimabwerako."

"Ukufuna chiyani kwa anthu otsika sitima?"

"Amama analemba kuti abwera teremu isanathe. Ndinaona kalata yawo musutikesi mwanu."

Kalatayo ndinkaidziwa. Inabwera sukulu itangotsegulidwa, ndipo ndinaiika pansi pa makadi a kuchipatala osamuuza, chifukwa malonjezo a mwana wanga ndimawadziwa. Ndili nawo ena asanu m'sutikesi momwemo. Ndinkafuna kumukalipira chifukwa chogwira mapepala anga. Koma ndinangomuuza kuti kuyambira tsopano, sitima ikamafika nthawi ya sukulu, kudoko ndizipita ndine, iye azikhala padesiki pomwe mphunzitsi amuone ndi maso ake awiri.

Ndinapitadi mlungu uliwonse, kuima pakati pa onyamula katundu ndi matumba a nsomba zouma, mpaka mayeso anafika. Mayi ake sanatsike. Mwanayo analemba mayeso limodzi ndi anzake, ndipo masamu anati anali ovuta.

Ana ena atatu a m'kwaya yomweyo amene analandira kalata yonga yanga anabwereza kalasi. Makolo awo ndinawafunsa ngati anasunga timapepala ta kwaya. Mmodzi anati anakolezera moto, wina anati sakumbukira n'komwe. Ndinapempha komiti kuti mapepala anga agwire ntchito kwa onse, popeza kwaya inali imodzi. Anandiyankha ndi kalata yakuti nkhaniyo akuipempherera. Nayonso ndinaisunga.